Mawu a M'mawa: Beseni la Eni Ake

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tili pa Eksodo 23:4, paja pa ng'ombe ya mdani wako ukaipeza itasochera. Mukudziwa kale zomwe Mulungu akunena pamenepo: ukaibweze. Choncho chilichonse cha mnzanu chimene chili pakhomo panu, bwezani lero.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Kuseri kwa khitchini yanga kuli beseni lobiriwira lomwe si langa. Mvula ya Loweruka lija inalikokolola kuchokera kwa amayi oyandikana nawo nyumba, omwe tinayambana mwezi watha chifukwa cha nkhuku zanga zomwe zinawadyera ndiwo m'dimba. Moni sitipatsana. Nditaliona ndinangoti mumtima, akalifuna abwere okha adzaodire. Lero lakwanitsa masiku asanu lili pompo, matope aumiramo, m'mphepetemu ndere yayamba kumera. Ine yemweyo m'mawa uliwonse ndimatumiza mavesi m'gulu muno!

Pa 11 Malichi 2011 chivomezi chitagwedeza Japan, mafunde a tsunami anasesa tauni ya Rikuzentakata, anthu oposa 1,700 n'kumwalira kapena kusowa. Pa zinthu zomwe madzi anatenga panali kaboti ka sukulu ya sekondale ya Takata, dzina lake Kamome. Kanayandama pa nyanja ya Pacific zaka ziwiri, mpaka mu Epulo 2013 kanakakocheza ku Crescent City, tauni ya ku California m'dziko la America, katamatiriridwa tinkhono ta m'nyanja thupi lonse. Zilembo za Chijapani zomwe zinali pambali pake ndi zomwe zinaulula eni ake, chithunzi chitaikidwa pa Facebook.

Ana a sukulu ya Del Norte, ya mu Crescent City momwemo, sanadikire kuti eni ake adzaodire. Anagwada n'kuyamba kupala tinkhono tija, kukatsuka mpaka kuyera, ndipo chaka chomwecho kanabwerera kwawo. Tisaiwale kuti agogo a ana amenewa anaphana ndi agogo a anzawo a ku Japan pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse: Japan kuphulitsa doko la America la Pearl Harbor 1941, mabomba a Hiroshima ndi Nagasaki 1945. Ife tikukanika nkhani ya nkhuku, abale.

Mwina chinawafewetsa mtima n'chakuti nawonso madzi amawadziwa. Mu 1964 tsunami inapha anthu 11 mu Crescent City momwemo. Wolumidwapo ndi njoka sachedwa kumva mnzake akakuwa. Kenako ana a mbali zonse anayamba kuyenderana, ndipo mu 2018 matauni awiriwa anamanga ubale wovomerezeka. Kaboti kamodzi, kotsukidwa bwino.

Chimene chandigwira pakhosi ine ndi kutsukako. Kubweza kokha ndikadatha, kungoliponya pamwamba pa mpanda usiku, matope ali momwemo, iwo akalipeze m'mawa. Ambiri timabweza choncho, eti? Kupepesa kwa pakamwa, nkhope ili gwa. Mlongo, tsukani kaye. Achimwene, palani nderezo, musatume mwana ayi, kaperekeni nokha ndi manja awiri.

Ambuye, inu munatipeza titayandama kutali, odzaza matope, simunanyansidwe nafe. Tipatseni mtima wotsuka za eni ake. Amen.

Ine sopo ndatenga kale, madzi ali pamoto. Ndawamva akusesa pabwalo pawo, ndiye mundipempherere kuti miyendo isandikane ndikafika pa geti.