Sonic atavala chipewa cha Link: mmene Sega ndi Nintendo anaphatikizira magemu awo

Muli bwanji nonse amene mukuonera? Tayerekezani kuti mukuona chithunzi ichi. Uyu ndi Sonic, kanungu wabuluu wa kampani ya Sega, koma wavala malaya obiriwira ndi chipewa cha Link wa mu The Legend of Zelda, gemu ya Nintendo. Si ntchito ya anthu obera mapulogalamu ayi. Makampani awiriwa anagwirizana okha, ndipo zinatuluka mu gemu ya Sonic Lost World pa Wii U, makina amagemu a Nintendo.

Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, tibwerere ku 1991. Chaka chimenecho Sega inatulutsa Sonic the Hedgehog pa makina ake a Mega Drive, cholinga chili chimodzi: kulanda msika kwa Mario wa Nintendo. Ana a nthawi imeneyo ankasankha mbali ngati mmene ochemerera mpira amagawanikira pakati pa Bullets ndi Noma. Koma mu 2001 Sega inasiya kupanga makina ake, makina ake omaliza, Dreamcast, atakanika pamsika, n'kuyamba kugulitsa magemu pa makina a anzake. Pofika 2007 Mario ndi Sonic anali akupikisana m'gemu imodzi ya Olympics, ndipo mu 2008 Sonic analowa mu Super Smash Bros. Brawl, gemu yomenyana ya Nintendo.

Kenaka mu 2013 Sega inalonjeza Nintendo magemu atatu a Sonic oti atuluke pa makina a Nintendo okha. Yoyamba inali Sonic Lost World, ya mu Okutobala 2013. Nkhani yake ndi yachidule: Sonic akuthamangitsa mdani wake Dr. Eggman, n'kugwera pa dziko loyandama lotchedwa Lost Hex, kumene akukumana ndi zilombo zisanu ndi chimodzi, Deadly Six, mtsogoleri wake Zavok. Kaseweredwe ndi kamene kanadabwitsa anthu. Sonic sathamanga kwambiri pokhapokha mutagwira batani, amayenda m'makoma, ndipo misewu yambiri ndi yobulungira ngati chipika, moti ambiri anaiyerekeza ndi Super Mario Galaxy. Ena anaikonda, ena anadandaula kuti ndi yovuta mosayenera ndipo miyoyo imatha msanga.

Apa m'pamene alendo analowera.

Mu Disembala 2013 kunabwera gawo laulere lotchedwa Yoshi's Island Zone. Chilichonse chikuoneka ngati chojambulidwa ndi makrayoni, monga zinalili mu Yoshi's Island, gemu ya Nintendo ya 1995. Sonic akuthamanga chammbali, adani ake ndi ma Shy Guy ndi maluwa oluma aja, Piranha Plant. Ntchito yaikulu ndi kutola mazira a Yoshi, kanyama kobiriwira komwe ndi mnzake wa Mario, omwe amamutsatira pambuyo. Mukafika nawo kumapeto amaswa, ndipo mumalandira miyoyo yowonjezera. Mwaona nzeru yake? Gemu imene anthu ankadandaula kuti imawadyera miyoyo inalandira mlendo wobweretsa miyoyo. Gawoli ndi lalifupi, lokongola, ndipo limakuphunzitsani kuleza mtima, chifukwa wothamanga mosaona kutsogolo amataya mazira.

Koma limene ndikufuna tikhalepo ndi lachiwiri, The Legend of Zelda Zone, la mu Malichi 2014.

Chiyambireni 1991, lamulo la Sonic ndi lodziwika: tolani mphete, mdani akakugundani mphete zimamwazika, mumatolanso n'kupitiriza. Bola muli ndi mphete imodzi, mdani akakugundani simufa. Mu gawo la Zelda lamulo limeneli analichotsa. Pakona pa sikirini pali mitima, ngati mmene zimakhalira kwa Link, ndipo mukagundidwa mtima umachepa. M'malo mwa mphete mukutola ma Rupee, ndalama za ku Hyrule, dziko la mu magemu a Zelda. Kusintha kumeneku kumaoneka kochepa, koma kumasintha kaganizidwe konse ka wosewera. Simungangodzigwetsera pa adani podalira kuti mutolanso zomwe zamwazika.

Malo akenso ndi ena. Magawo a Sonic amakukankhirani kutsogolo basi, koma kuno mumayamba pa chigwa chotakasuka cha Hyrule Field, ndipo palibe wokuumirizani kolowera. Mutha kuzungulira, kufufuza mabokosi a chuma, kuona Link akuuluka pa chimbalame chake chofiira cha mu Skyward Sword. Nkhuku zotchuka zija, ma Cucco, ziliponso, ndipo amene munasewerapo Zelda mukudziwa kale zomwe zimachitika mukaziputa. Mukakhutira, mumalowa m'phanga, njira n'kupanikiza, ma Goron, zimphona za mu Zelda, akugubuduzika ngati miyala. Pamenepo liwiro la Sonic limabwereranso.

Ine ndimaona kuti apa m'pamene pali kusiyana pakati pa mgwirizano weniweni ndi malonda chabe. Masiku ano magemu ambiri amangokugulitsani chovala cha munthu wotchuka, kaseweredwe osasintha ngakhale pang'ono. Gulu la Sonic Team, lomwe limapanga magemu a Sonic, linabwereka malamulo a eni ake, n'kulola Sonic kuwamvera. Linachita izi zaka zambiri Sonic Frontiers ya 2022 isanamupatse madera otakasuka oyendamo mwaufulu. Sindikunena kuti gawoli linali langwiro: chigwacho chili ndi zochita zochepa, ndipo wochenjera amalimaliza m'mphindi zowerengeka. Komabe linaonetsa kuti Sonic angathe kuima, kuyang'ana uku ndi uku, osataya khalidwe lake.

Chondipweteka n'chakuti anthu ochepa ndi amene analilawa. Wii U inagulitsidwa pafupifupi 13.5 miliyoni padziko lonse, chiwerengero chochepa kwambiri poyerekeza ndi Wii, makina a Nintendo a m'mbuyo mwake, omwe anapitirira 100 miliyoni. Sonic Lost World itatuluka pa kompyuta mu 2015, inabwera ndi gawo lochokera mu gemu ya NiGHTS, yomwe ndi ya Sega yomwe, koma Yoshi ndi Zelda anatsala, popeza ndi katundu wa Nintendo. Ndiye pa 27 Malichi 2023 Nintendo inatseka malonda pa eShop, sitolo ya pa intaneti ya Wii U, ndipo ngakhale zinthu zaulere zinasiya kupezeka kwa amene anali asanazitenge.

Tsono ngati mukugula Wii U yakale kwa munthu, musangoyang'ana disiki, chifukwa magawo awiriwa mulibemo. Yatsani makinawo, tsegulani gemuyo, muone ngati mwini wake woyamba anawadawunilodi. Ngati alimo, musafufute akaunti yake kapena kubwezeretsa makinawo pachiyambi, chifukwa akachoka mwina simudzawapezanso.