Makalata a omvera: zapafoni sizikukhazikika m'mutu

Tiyambe ndi kalata yochokera ku Namwera. Alemba ndi mayi wina, mphunzitsi wa kupulayimale, amene akuchita dipuloma kudzera pa intaneti. Akuti: "Aphunzitsi athu amaika mavidiyo ndi manotsi pa Moodle, tsamba la pa intaneti lomwe timaphunzirirapo. Ndimakatsitsira ku boma komwe netiweki imagwira bwino, usiku n'kumaonera mpaka batire kutha. Poonera ndimamva zonse, koma tsiku la mayeso m'mutu mumangoti mbee. Kodi ndi ukalamba?"

Ayi achemwali, ukalamba musaunamizire. Vidiyo imapusitsa. Wofotokozayo akamalongosola bwino, inu mumangogwedeza mutu n'kumati zalowa, chonsecho amene wakhetsa thukuta ndi iyeyo. Yesani chonchi: onerani mphindi 10 zokha, imitsani, foniyo muivundikire pamphasa, mutenge kope mulembe zomwe mwatolapo osasuzumira. Pomwe cholembera chakakamira ndi pomwe simunamve. Bwererani pomwepo basi, osati kuyambiranso vidiyo yonse. Mawa lake mudzifunsenso mafunso omwewo, ikatha sabata mubwerezenso. Zimatopetsa kuposa kuonera, sindikubisirani, koma zokumbukira movutikira ndi zomwe zimakhalitsa.

Paja inu ndinu mphunzitsi. Mwana wa sitandade 4 simumusiya azingokuyang'anani mukuchotsera pabolodi, mumamupatsa choko abwere kutsogolo. Nanga inuyo mukudzimaniranji choko? Ngakhale Tikwere, pulogalamu yapawailesi ija inayamba mu 2008 pa MBC, inkasiya kampata kuti ana ayankhe, aimbe, awerengere ndi timiyala. Amene anaikonza ankadziwa kuti kumvetsera kokha sikukwanira.

Kalata ina yachokera ku Makanjira. Bambowa ndi asodzi, ndipo akudandaula kuti mnyamata wawo wa Fomu 4 sabata iliyonse amafuna ya bandulo, ati ali pagulu la WhatsApp lophunzirirapo Biology. Funso lawo: "Ndingadziwe bwanji kuti si mpira akuonera?"

Achimwene, foni musalande, ndipo simukufunika kudziwa Biology. Madzulo mukamasoka ukonde mumuitane, akufotokozereni m'Chiyao kapena m'Chichewa zomwe aphunzira lero. Muzimufunsa kuti "chifukwa chiyani?" mpaka mumve. Amene wangodutsamo ndi chala amathera pa chiganizo chachiwiri. Muonenso kope lake: gulu lenileni limapatsana mafunso a mayeso akale a MANEB, aliyense n'kulemba pamanja, kujambula, kutumiza kuti anzake achonge. Mukapeza kope lili loyera, ya banduloyo iyambe yadikira.