Kachilombo kosaka ndi ulimbo

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli kumudzi kaya muli kunja ngati ine. Ndikujambula ndili kuno ku Chawama mu Lusaka, magetsi anapita mmawa ndiye mukamva jenereta ya aneba mundikhululukire.

Dzulo achimwene anga amene amagwira ya m'gadeni ku Cape Town ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Akuti amasuntha chipika chowola, pansi pake nkupezapo kachilombo kokhala ngati bongololo koma kofewa, timiyendo tonenepa, tinyanga tiwiri kutsogolo, khungu ngati nsalu ya veleveti, mpake azungu amati velvet worm. Atakagunda ndi kamtengo kanalavula zoyera zomata. Ine bandulo yonse inathera pompo kufufuza.

Abale, kanthu kameneka kamasaka ndi ulimbo! Kamayenda usiku pang'onopang'ono, maso ake saona bwino ndiye kamangopapasa ndi tinyanga, kakapeza chiswe kapena kangaude, m'mbali mwa kamwa muli timipopi tiwiri tothira ulimbo ndipo timagwedera uku ndi uku ngati paipi yothirira dimba ukaitaya pansi madzi akutuluka mwamphamvu, ndiye ulimbowo umagwa mopingasapingasa ngati ukonde. Pafupifupi 90 peresenti ndi madzi, koma chiswe chikamaphiriphitha umasanduka tizingwe tolimba, basi chakodwa. Kenako kamaboola ndi nsagwada, kuthiramo malovu osungunula zam'kati nkumayamwa. Chinandigwira mtima nchakuti kamadyanso ulimbo wake womwewo, poti ukatheratu pamapita masabata ngati atatu kuti udzazenso.

Ndinakumbuka kwathu ku Dedza tili ana, agogo aamuna akutiphunzitsa kutafuna ulimbo kuti ufewe, kukulunga pa timitengo nkukatchera pa chitsime mbandakucha mbalame zisanabwere kudzamwa, ndipo tikaweruka timaukanda wonse nkusunga m'kachitini ka madzi, kutaya olo pang'ono agogo amakalipa. Nditamufotokozera mwana wanga wobadwira kuno anandifunsa kuti "adadi, ulimbo ni chani?" Ndinakhala kaye chete, zinandipweteka ndithu.

Achimwene ndawauza abwezere chipikacho mmene chinalili, chifukwa tizilomboti pakangouma timafa msanga, thupi lake silisunga madzi. Akuti abwezera kale, aunjikirapo ndi masamba onyowa. Mwanayu ndamulonjeza kuti holide ya Ogasiti tikwera basi pa siteshoni ya Intercity kudzera pa boda ya Mwami kupita ku Dedza, ulimbowo akautafune yekha.