Feteleza wa mpunga sathiridwa ngati wa chimanga

Zikomo a Gulupu, mafumu nonse, amayi ndi abambo. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Ife a ku Mchinji tinakulira pa chimanga, fodya ndi mtedza, ndiye dzanja lathu linazolowera kuthira feteleza pamzere. Koma ena mwa inu mwayamba kuwokera mpunga m'madambo a m'mbali mwa Bua ndi Rusa, ndipo mukakolola mu Meyi mumafuna kuikamo mbewu ina ya m'dimba, kaya tirigu kaya chimanga. Lero tikambirane za munda umenewo, umene theka la chaka uli m'madzi, theka lina uli pouma.

Kasinthasintha wa mpunga ndi tirigu eni ake ali ku India, Pakistan, Nepal ndi Bangladesh. Kumeneko mpunga amaulima ndi mvula, tirigu n'kulowa mu Novembala kukazizira. Kuno kwathu tirigu timamudziwira ku Tsangano ndi ku Neno. Komabe zimene anzathuwo anaphunzira, zina mowawa, zikutikhudza.

Tiyambe ndi Urea, wobereketsa uja. M'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitulojeni, chakudya chobiriwitsa masamba. Vuto lake ndi losakhazikika. Mukamuwaza pamadzi odzadza m'munda dzuwa likuswa mtengo, amasungunuka pamwamba, wina amathawira mumlengalenga, wina amatsetsereka ndi madzi kukabiriwitsa munda wa mnansi wanu wa kumunsi. Mnansiyo sadzabwera n'komwe kudzathokoza! Ndiye chitani chonchi: yambani mwapalira, chepetsani madzi mpaka patsale matope, tsekani potulukira, thirani, kenaka bwezerani madzi pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Ndipo musakhuthule yense kamodzi. Mugaweni: wina pamene mpunga ukuchita ana, wina pamene watsala pang'ono kutenga mimba. Mwana samudyetsa phala la sabata yonse tsiku limodzi.

Mayi mwakweza mkono, ndakuonani. Mukuti Kilombero? Eya, Kilombero ndi Faya ndi mitundu yaitali. Mukaichulutsira Urea imangotalika, mphepo ikabwera n'kugona pansi, ngala n'kuolera m'matope. Imeneyo muziipatsa mochepa kusiyana ndi mitundu yaifupi.

Tsono apa mpamene ndikufuna mutchere khutu. Mu feteleza wokulitsa, NPK wa 23:10:5 uja, nambala yapakatiyo ndi fosifolasi, chakudya cha mizu. Dothi likamira m'madzi, fosifolasi amene anamangika m'nthaka amamasuka, mpunga n'kumadya mosavuta. Dothi lomwelo likauma, kunja n'kuzizira ngati mu Juni, amamangikanso. Choncho amene amavutika ndi tirigu, osati mpunga. N'chifukwa chake alangizi a ku India amati ngati fosifolasi wachepa, apite kwa tirigu, mpunga udzadya zotsalira. Ndikudziwa thumba ladula, ambiri sitingagule awiri. Ngati muli nalo limodzi lokulitsa, gawo lalikulu lisungireni mbewu ya m'dimba, ndipo lilowe m'nthaka tsiku lodzala lomwelo, pafupi ndi mbewu. M'mera mpoyamba.

Zinki, chakudya china chimene mbewu imafuna pang'ono chabe, ndiye amachita zosiyana, amasowa m'madzi. Mukaona mpunga wapinimbira patapita masabata awiri kapena atatu chiwokereni, masamba ali ndi madontho ngati dzimbiri, musathamangire kuwonjezera Urea. Nthawi zambiri ndi zinki. Wokulitsa wa masiku ano ali nayemo pang'ono, pamodzi ndi salufa, ndiye mpunga musaumane kotheratu.

Za moto. Ndinadutsa ku dambo chaka chatha, utsi uli tolo, anthu akutentha mapesi a mpunga. Abale anga, potaziyamu ndi chakudya cholimbitsa mbewu, ndipo wambiri amene mpunga unatenga m'nthaka amakhala m'mapesimo, osati m'ngala. Mukatentha, nayitulojeni ndi salufa zimapita ndi utsi, manyowa amene akanafewetsa dothi atha, phulusa lotsalalo mphepo n'kumwaza. Ku India, utsi umenewu umachokera kuchigawo cha Punjab n'kufika mpaka mumzinda wa Delhi, anthu n'kumatsokomola. Mapesi yalani pamwamba asunge chinyezi, kapena apite m'khola adzabwerere ali manyowa. Koma mukawakwirira osaola n'kudzala pomwepo, mbewu imayamba yachita chikasu, chifukwa tizilombo towoletsa timalimbirana nayo nayitulojeni.

China n'choti kupondaponda matope powokera kumasiya dothi la pansi litagwirana gwa. Mpunga sudandaula, koma mizu ya tirigu imalephera kuboola. Khasu lilowe ndithu musanadzale. Ndipo chaka china m'malo mwa tirigu ikanimo nyemba, kapena dzalani jelejele mudzakwirire masamba ake.

A Gulupu, ndaona amayi ayamba kuyang'ana dzuwa. Amene muli ndi mpunga wa madontho uja, zulani phando limodzi ndi mizu yake yomwe, mubwere nalo Lachinayi tidzaonere limodzi.