Kusankha Pulopela ya Ndege ya Ultralight: Kupepuka Kwenikweni Sikuoneka pa Sikelo

Moni nonse okonda za ndege. Lero tikambirana za pulopela ya ndege zing'onozing'ono zija zotchedwa ultralight. Aliyense amene wamanga kapena kugula ndege yotere amafika pa funso ili: ndiike pulopela yanji yoti ikhale yopepuka koma yosatha msanga?

Zoti kulemera n'kofunika, palibe angatsutse. Ku America, lamulo la FAA, bungwe la boma loyang'anira za ndege, lotchedwa Part 103, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1982, limati ultralight ya injini izinyamula munthu mmodzi yekha, isafike mapaundi 254 ikakhala yopanda munthu ndi mafuta, mafutawo asapose magaloni 5, ndipo isathamange kupitirira makilomita 102 pa ola. Mapaundi 254 ndi makilogalamu 115 basi, ndipo m'menemo muli injini, mapiko, matayala, mpando, zonse. Mayiko ena malire awo ndi okwererapo, makamaka pa ndege za anthu awiri, komabe kulikonse kilogalamu imodzi imawerengedwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anthu ambiri amaika mapulopela awiri pa sikelo, n'kutenga yopepukayo, n'kumati nkhani yatha. Injini simva kulemera kwa pa sikelo. Imamva pamene kulemerako kwakhala.

[Pa sikirini: mpeni umodzi wa pulopela, kachitsulo kataikidwa pafupi ndi habu, pakati pomwe mipeni imamangidwa]

Taonani apa. Kachitsulo aka n'kolemera magalamu 100, ndipo kali pa masentimita 20 kuchokera pakati pa pulopela. Pofuna kudziwa chimene akatswiri amati moment of inertia, ndiye kuti kuvuta kwa chinthu kuti chiyambe kapena chisiye kuzungulira, timachulukitsa kulemera ndi mtunda, kenako n'kuchulukitsanso ndi mtunda womwewo. 0.1 kuchulukitsa ndi 20, kuchulukitsanso ndi 20, tipeza 40. Tsopano kachitsulo komweko ndikasunthire kunsonga, pa masentimita 80. 0.1 kuchulukitsa ndi 80, kuchulukitsanso ndi 80, tipeza 640. Sikelo ikunenabe magalamu 100, koma injini ikumva katundu wochuluka ka 16.

Zikukhudza bwanji ndege yanu? Injini ya mapisitoni sizungulira mofatsa ayi. Mafuta akaphulika mu silinda imakankha mwamphamvu, kenako n'kufooka, kenako n'kukankhanso. Pulopela yolemera kunsonga sifuna zimenezo, imafuna kupitiriza pa liwiro lake. Pakati pa ziwirizi pali mano a magiya, ndipo ndi amene amamenyedwa, makamaka poliza injini, poisiya ikulira pansipansi, ndi poithimitsa. N'chifukwa chake kampani ya Rotax ya ku Austria, yomwe injini zake zili pa ndege zambiri zamtunduwu, inaika malire a moment of inertia ya pulopela. Giyabokosi (bokosi la magiya apakati pa injini ndi pulopela) ya mtundu wa B, yomwe imapezeka pa injini ngati 503 ndi 582, malire ake ndi 3,000 kg·cm². Ya mtundu wa C ndi ya E ndi 6,000, ndipo ya Rotax 912 nayonso ndi 6,000. Pulopela ya mipeni itatu yolimba bwino, yomwe ikukhala mosavuta pa giyabokosi ya C, ikhoza kudya mano a giyabokosi ya B pang'onopang'ono inu osadziwa.

Choncho funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale la makilogalamu. Mufunseni nambala ya moment of inertia ya pulopelayo, pa utali umenewo ndi mipeni imeneyo. Akalephera kukupatsani, mutha kuyeza nokha. Rotax inafotokoza njira yake: mumapachika pulopela chogona pa mawaya awiri aatali, n'kuipotoza pang'ono, n'kuwerenga nthawi imene yatenga ikugwedezeka uku ndi uku, kenako n'kuyang'ana pa tchati chawo.

Tibwere ku utali. Mu 1903, Wilbur ndi Orville Wright anazindikira kuti mpeni wa pulopela ndi phiko lomwe likuzungulira. Mapulopela awo awiri anali a matabwa a spruce, aatali pafupifupi mamita 2.6, ndipo ankazunguliridwa ndi matcheni pang'onopang'ono kuposa injini. Ndege yoyenda pang'onopang'ono imapeza mphamvu yabwino ikamakankha mpweya wambiri mofatsa kusiyana ndi kukankha mpweya wochepa mwaukali. Ultralight ndi ndege yotero. Ndiye pulopela yaitali imakupatsani kunyamuka kwabwino, koma utali uli ndi malire awiri. Oyamba ndi malo: nsonga isayandikire pansi, chimango cha ndege kapena mchira, ndipo poyeza muzikumbukira kuti matayala ndi miyendo zimafwamphira ndege ikatera mwamphamvu. Achiwiri ndi liwiro la nsonga.

[Pa sikirini: masamu akulembedwa pang'onopang'ono]

Titenge Rotax 912 ULS. Ikapatsidwa moto wonse imafika pa RPM 5,800 (kuzungulira ka 5,800 pa mphindi), ndipo giyabokosi yake imatsitsa ndi 2.43, ndiye kuti pulopela ikuzungulira pafupifupi ka 2,390 pa mphindi, kapena ka 40 pa sekondi. Pulopela ya mainchi 68, omwe ndi mamita 1.73, nsonga yake imayenda mamita 5.4 pa kuzungulira kumodzi. Ndiye nsongayo ikuthamanga pafupifupi mamita 216 pa sekondi. Liwiro la phokoso mumpweya ndi pafupifupi mamita 340 pa sekondi, choncho tili pabwino. Pakanapanda giyabokosi, nsonga yomweyo ikanafika pa mamita 525 pa sekondi, kudutsa liwiro la phokoso. Nsonga ikangoyandikira liwiro limenelo, mphamvu ya injini imathera m'phokoso m'malo mokoka ndege. Muwerengere nokha pa injini yanu, ndi masamu a mphindi ziwiri.

Nambala yachiwiri yolembedwa pa pulopela ndi pitch, kupendekeka kwa mipeni. Mukaona 68 x 32, 68 ndi utali, 32 ndi mainchi amene pulopelayo ikanayenda kutsogolo pa kuzungulira kumodzi mpweya ukanakhala kuti suthawa. Zili ngati magiya a njinga. Giya yofewa imakukwezani phiri mosavuta koma pachidikha miyendo imangopalasa osapita patali, pamene giya yolimba imathamanga pachidikha koma poyamba ulendo imakutopetsani. Pitch yochepa imanyamula ndege msanga, koma injini ikhoza kudutsa malire a RPM. Pitch yochuluka imailemetsa injini, ndipo imalephera kufika pomwe imatulutsa mphamvu zake zonse. Pa 912 ULS, Rotax imalola RPM 5,800 kwa mphindi 5 zokha ndi 5,500 mopitiriza, ndipo imalangiza kuti ponyamuka ndi moto wonse isatsike pansi pa 5,200. Pa injini za two-stroke (zomwe mafuta amaphulika mu silinda pa kuzungulira kulikonse) ngati 582 nkhaniyi ndi yoopsa kwambiri, chifukwa pitch ikachepa utsi umatentha mopitirira, ndipo pisitoni ikhoza kugwira muli m'mwamba. Mukasintha pitch, maso anu akhale pa geji ya EGT, yoonetsa kutentha kwa utsi.

Apa ndi pomwe ine ndimakonda pulopela yoti mutha kusintha pitch ndege ili pansi. Mumamasula mabawuti a habu, n'kupendeketsa mpeni uliwonse ndi chida choyezera ngodya, n'kumanganso. Pulopela yosemedwa kamodzi, mukaiphonya pitch, ndiye kuti mugulanso ina. Koma posinthapo, mipeni yonse ifanane ndendende. Umodzi ukangosiyana pang'ono, ndege imanjenjemera.

Tsopano zopangira. Ya aluminiyamu tisatayepo nthawi: pa ndege zazing'ono chonchi imalemera, ndipo kachilema kakang'ono kosiyidwa ndi mwala kakhoza kuyambitsa mng'alu woyenda mobisika mpaka nsonga itaduka. Mpikisano weniweni uli pakati pa thabwa ndi carbon fibre, ulusi wolimba wa carbon womatidwa pamodzi.

Thabwa musalipeputse. Pulopela yabwino ya thabwa si chipika chimodzi, ndi matabwa opyapyala a mitengo ngati birch, maple kapena beech, omatidwa ndi guluu kenako n'kusemedwa. Kampani ya Sensenich, yomwe inayambira ku Pennsylvania, yakhala ikupanga mapulopela otere kuyambira 1932. Thabwa ndi lopepuka, limameza kunjenjemera, mtengo wake ndi wotsika, ndipo pulopela ikagunda pansi limasweka lokha, zomwe kawirikawiri zimachepetsa nkhonya yofika ku giyabokosi ndi ku injini. Vuto lake ndi chinyezi. Thabwa limafufuma kukanyowa ndipo limanyala kukauma. Chimene chimazunguza pulopela ya thabwa si mabawuti okha, ndi kufinyidwa kwake pakati pa zitsulo za habu. Likanyala, kufinyako kumachepa, pulopela imayamba kusereseka pang'onopang'ono, pakati pake pamatentha mpaka kuda, ndipo mabawuti akhoza kuduka. Mukaona fumbi lakuda kapena chizindikiro cha kupsa mozungulira habu, musauluke. Mwini pulopela ya thabwa ayenera kuyeza kumangika kwa mabawuti ndi sipanala ya torque ikangoikidwa kumene, pakatha maulendo oyamba, komanso nyengo ikasintha. Poimika ndege, ya mipeni iwiri muziisiya chogona kuti chinyezi chisatsikire ku mpeni umodzi. Mvula nayonso imadya m'mphepete mwakutsogolo mwa thabwa mwachangu zedi ngati mulibe chotchinga.

Carbon fibre sifufuma, sinyala, ndipo imalola mipeni yopyapyala. Koma musaganize kuti zonse za carbon n'zofanana. Mipeni ya Warp Drive ya ku America ndi ya carbon yokhayokha mpaka mkati, yodziwika ndi kupirira nkhanza, koma kupirirako kumabwera ndi kulemera, ndiye nambala ija ya giyabokosi muiyang'anitsitse. Powerfin imaika thovu lolimba mkati mwa mpeni kuti upepuke. E-Props ya ku France imapanga mipeni yopepuka kwambiri. IvoProp ili ndi kachitsulo mkati mwa mpeni kamene kamaupotoza posintha pitch. Iliyonse inasankha kuti ipereke chiyani kuti ipeze chiyani. Choipa cha carbon n'chakuti imabisa mabala. Kunja kukhoza kuoneka kosalala pamene mkati zigawo zalekana. Tengani kandalama kachitsulo, muzigogoda mpeni pang'onopang'ono kuchokera pa habu mpaka kunsonga. Pamene pali bwino pamalira mowala, pamene palekana pamalira mogonthera.

Kulimba kumene mukufuna kumadalira pomwe mumaulukira ndi pomwe pulopela yakhala. Ma ultralight ambiri, monga ma trike (kangolo ka matayala atatu kolendewera pansi pa phiko) ndi ma paramotor (injini yoberekedwa kumsana pansi pa phiko longa parachuti), pulopela yawo ili kumbuyo. Ndiye kuti chilichonse chimene chagwa kutsogolo chimadutsa m'mipeni: miyala yoponyedwa ndi matayala, sipuling'i ya paipi ya utsi, nati yomasuka, ngakhale foni yochokera m'thumba. Ngati bwalo lanu ndi la mchenga, la miyala ing'onoing'ono kapena la udzu wautali, kapena mumatera pamadzi, lipirani ndithu chotchinga cha m'mphepete mwakutsogolo, kaya cha nickel, cha chitsulo chosachita dzimbiri kapena cha urethane. Chotchingacho chimakhala chakunsonga, pomwe kulemera kumawerengedwa kwambiri, choncho nambala imene wogulitsa akupatseni ikhale ya pulopela yokhala kale ndi chotchingacho. Masipuling'i a paipi ya utsi muwamange ndi waya kuti akaduka asagwe.

Za kuchuluka kwa mipeni, mwachidule: iwiri yaitali ndi yopepuka ndipo imakoka bwino. Itatu imathandiza pamene malo ndi ochepa koma injini ndi yamphamvu, ndipo nthawi zambiri imayenda mosalala. Musaiwalenso mbali imene pulopela imazungulira. Imasiyana malinga ndi injini, malinga ndi kuti mphamvu ikudutsa m'magiya kapena m'lamba, komanso kuti pulopela ikukoka kutsogolo kapena ikukankha kumbuyo. Pogula nenani injini, giyabokosi, kutsitsa kwake, mabowo a mabawuti ndi mtundu wa ndege.

[Pa sikirini: chipika chaikidwa pansi pafupi ndi nsonga, dzanja likuzunguza pulopela]

Mukaimanga, injini ili yothimitsidwa ndipo masiwichi onse ali otseka, ikani chipika pafupi ndi nsonga n'kuzunguza ndi dzanja. Nsonga zonse zidutse pamalo amodzi, kusiyana kwake kusapose milimita imodzi ndi theka. Kusamala konseku kuli ndi chifukwa. Pa pulopela yathu ija ya mainchi 68, ikamazungulira ka 2,390 pa mphindi, galamu imodzi ya kunsonga imakoka ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu oposa 5. Kachidutswa ka magalamu 10 kakathothoka pa mpeni umodzi, injini ikugwedezedwa ndi makilogalamu oposa 50, ka 40 pa sekondi iliyonse. Mpeni wonse ukathothoka, injini ikhoza kuzuka pamalo pake. Zikakuchitikirani muli m'mwamba, tsitsani moto nthawi yomweyo, thimitsani injini ngati kunjenjemera sikukutha, n'kufuna potera.

Ndipo pulopela ikagunda pansi kapena chinthu cholimba injini ikulira, ngakhale bala likuoneka laling'ono, musangoipala ndi sandipepala n'kubwerera m'mwamba. Ichotseni, opanga ake kapena katswiri aione, ndipo giyabokosi ndi shafiti ziyezedwe motsatira buku la injini yanu.