Mtsinje wa Mississippi m'manja mwa mainjiniya a usilikali

[Chithunzi: mtsinje wadzaza, madzi atsala pang'ono kufika pamwamba pa daiki]

Ku America, ntchito yoteteza anthu ku madzi osefukira a mtsinje wa Mississippi ili m'manja mwa nthambi ya asilikali yotchedwa US Army Corps of Engineers. Ambiri ogwira ntchito kumeneko ndi anthu wamba, koma otsogolera ndi akuluakulu a usilikali.

Kale nthambiyi inkadalira madaiki okha, makoma adothi otchinga mtsinje mbali zonse. Mu 1927 madzi adagumula daiki pa Mounds Landing ndi malo ena ambiri, anthu oposa 600,000 nkuthawa m'nyumba zawo. Mtsinje ukapanikizidwa, madzi amakwera m'mwamba chifukwa alibe kopita. Ndiye lamulo la 1928 lidapatsa nthambiyi mphamvu zotsegulira mtsinjewo makomo opatutsira madzi.

[Chithunzi: kireni ikuzula thabwa pa Bonnet Carré]

Khomo la Bonnet Carré lili kumtunda kwa mzinda wa New Orleans, ndipo lidatha kumangidwa mu 1931. Lili ndi mipata 350, uliwonse wotsekedwa ndi matabwa 20 oimika, onse pamodzi 7,000. Madzi akafika makiyubiki mita pafupifupi 35,000 pa sekondi, kireni yoyenda pa njanji imazula matabwawo limodzilimodzi. Mipata yonse ikatseguka, pafupifupi makiyubiki mita 7,000 pa sekondi amapatukira ku nyanja ya Pontchartrain, osadutsa mumzinda. Koma pali olira. Mu 2019 adatsegula kawiri, madzi a mumtsinje nkusungunula mchere wa m'nyanja, ndipo asodzi a m'mbali mwa nyanja adaluza kwambiri.

Kumtunda, pa Old River, zitseko zomwe zidatha mu 1963 zimagawa madzi: magawo 70 pa 100 atsike ndi Mississippi, 30 alowe mu mtsinje wa Atchafalaya. Popanda izo, mtsinje ukadasiya kale njira yake.

[Chithunzi: kadzenje kakubwata kuseri kwa daiki]

Apa tikhalepo pang'ono, chifukwa izi zikukhudzanso aliyense wokhala pafupi ndi daiki, ngakhale ku Chikwawa ndi Nsanje. Daiki ikhoza kugwa madzi asanafike pamwamba pake. Mtsinje ukadzaza, kulemera kwa madzi kumawakankhira mumchenga wa pansi pa daiki, nkukatumphuka kumbali youma ngati kasupe wobwata. Yang'anitsitsani mtundu wa madziwo. Akakhala oyera, palibe changu, ingowayang'anirani. Akakhala amatope, ndiye kuti akukokolola maziko, akuboola ngalande pansi, ndipo daikiyo idzatitimira.

Kutsira dothi pa kasupeyo kuti atsekeke ndiko kulakwa kwakukulu. Madziwo amangoboola pena, mwina pafupi kwambiri ndi daiki. Mainjiniya amazinga kasupeyo ndi matumba a mchenga ngati akumanga chitsime. Thumba lililonse amalidzaza theka kapena kupitirirako pang'ono, chifukwa lodzaza kwambiri limauma gwa, siligona bwino pa linzake, limasiya mipata. Amawayala molumphanitsa ngati njerwa, nkumawapondaponda, ndipo pansi pamatambalala katatu kuposa msinkhu wake. Madzi akamakwera m'kati mwa mpandawo amakankhana ndi ochokera pansi, liwiro nkuchepa. Mchenga ukangosiya kutuluka, amaleka kuwonjezera matumba, nkusiya kampata pamwamba kuti madzi oyerawo azitayika.

Madzi akaphwa, malo otere amawakonza mokhazikika: amakumba zitsime zochepetsa mphamvu ya madzi m'munsi mwa daiki, kapena kuunjika dothi lambiri kuseri kwake kuti lilemeretse nthaka.

[Chithunzi: usiku, daiki ikuphulika pa Birds Point]

Nthawi zina chotsala ndi kusankha komwe kumire. Pa 2 May 2011 mainjiniyawa adaphulitsa dala daiki pa Birds Point, kupulumutsa tauni ya Cairo ku Illinois. Madzi adamiza maekala pafupifupi 130,000 a minda ku Missouri, malo omwe adapatulidwa kale kuti akhale njira ya madzi, koma momwe munali nyumba ndi mbewu za anthu.