Ntchito yako izidziwika kuti ndi yako usanalembepo dzina

(Kamera ili pa Katoto, kumbuyo kukudutsa maminibasi ndi anyamata a sakramento, akabaza a njinga)

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili panja ndiye mukamva mahutala mutikhululukire, Mzuzu ndi yomweyi. Nkhani ya lero ndi yanu oimba, ojambula zithunzi, alakatuli, inu opanga ma biti kuchipinda pa laputopu yobwereka, ngakhale inu osoka zovala. Zimatheka bwanji kuti munthu angomva masekondi asanu a nyimbo kapena angoona chithunzi chapatali n'kunena kuti aaa iyi ndi ya uje?

(Zithunzi za penti zoyalidwa m'mbali mwa msewu)

Tiyambe ndi ojambula. Tsikani pa M5 kupita ku Nkhata Bay muone zithunzi zomwe amagulitsa kwa alendo. Mayi wasenza mtsuko, mlambe, njovu ziwiri, dzuwa likulowa m'nyanja. Mukasuntha pang'ono kwa wina, zomwezo, kwa winanso zomwezo. Chonsecho ku Nkhata Bay nyanja ili kum'mawa, dzuwa limachita kutuluka m'madzimo, kulowa limalowera kumapiri mbali ya kuno. Mlambenso ndi mtengo wa kotentha, ku Mangochi uko kapena kuchigwa cha Shire, kuno kumtunda kopitirira mamita 1,200 mungausake mpaka nsapato kutha. Sindikunyoza ayi, zithunzizo zimagulidwa ndipo lendi salipira ndi maloto, koma mnyamata wokulira ku Chibavi akajambula zimenezo ndiye kuti akujambula chithunzi cha mnzake chomwe mnzakeyo anaoneranso kwa wina, maso ake sanagwire ntchito.

Nanga maso ake aona chani? Nkhungu ya m'mawa mu June ija yoti munthu sukuona ngakhale nyumba ya aneba. Matope ofiira a ku Masasa mvula ikakana kusiya mpaka April. Malole a matabwa ochokera ku Chikangawa. Wa sakramento akukankha njinga pachitunda, kasitomala akuyenda pambali atanyamula yekha katundu koma ndalama alipirabe yonse. Zimenezi wa ku Blantyre sangazijambule bwino chifukwa sanazizidwepo nazo.

(Wofotokoza wakhala pa benchi)

Tsono ena apa mukuti ndiye kukopera ndi tchimo? Ayi ndithu, ndipo apa ndichedwepo pang'ono. Palibe anayamba osakopera. Chitsanzo chili pakhomo pompano, malipenga. Gule ameneyu, amene anzathu a Chitonga amamunyadira kwambiri, anachokera ku perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, anthu anaona ma bandi a King's African Rifles, mayunifolomu, kuguba pamzere, ndiye anafuna kupanga zomwezo. Koma malipenga achitsulo analibe, anatenga zikho n'kumaimbiramo, ng'oma n'kukhala zakwawo, nyimbo n'kukhala za nkhani za m'mudzi, kuguba kuja n'kusanduka masitepe a mwendo monyada, kabudula wositidwa bwino, sokosi mpaka m'mawondo. Lero palibe angaone malipenga n'kunena kuti ndi perete wa Angelezi. Anafuna kukopera, zinakanika kufanana ndendende, ndipo pamene zinakanikapo ndi pamene panabadwira chinthu chawo.

Ndiye inu mukamayesa kupanga amapiano ngati a ku Johannesburg kapena afrobeats ya ku Lagos, n'kuona kuti penapake sizikutuluka chimodzimodzi, mawu anu akukokera ku kwaya ya CCAP yomwe munakuliramo, kapena dzanja likungothamangira kaimbidwe ka ng'oma za kwanu ku Rumphi, musathamangire kufufuta. Ambiri amafufuta pomwepo chifukwa akuti sizikumveka za kunja. Imvereninso kawiri katatu kaye, mwina mbali yokhayo ndi imene wina aliyense sangapange.

Onani Gasper Nali wa ku Nkhata Bay. Babatoni, choimbira cha waya mmodzi chopanga yekha, ndodo dzanja lina, botolo dzanja lina, phazi pa ng'oma, basi. Vidiyo yake itafala pa intaneti anthu akunja anadabwa, mpaka anakaimba ku Ulaya. Akanadikira kuti apeze kaye gitala yodula bwenzi ali mmodzi mwa anthu masauzande oimba gitala. Malemu Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu January 2021, jazz ankaidziwa bwinobwino koma anaiimba mu Chitumbuka ndi kamvekedwe ka kuno kumpoto, ndipo ngakhale osamva chilankhulocho ankadziwa kuti uyu ndi Wambali mzere woyamba usanathe.

(Mkati mwa msika wa Taifa)

Pa chilankhulo pomwepo. Mu msika muno munthu mmodzi amayamba chiganizo mu Chitumbuka, pakati Chichewa, mtengo atchula mu Chingelezi, wina akuyankha mu Chiswahili chifukwa katundu wambiri amachokera ku Tanzania. Ndi momwe timayankhulira. Koma mlakatuli yemweyo akafika pa maiki amasintha, amayamba Chichewa cha m'buku la sukulu kapena Chingelezi cha mufilimu ya ku America, mawu oti sanawagwiritsepo ntchito ndi amayi ake. Ine ndimaona kuti ndakatulo zambiri zimafera pamenepo. Lembani momwe mumakanganira ndi kondakitala pa nkhani ya chenji, kenako muzikonza pambuyo.

Koma chenjezo, chifukwa pali msampha winanso mbali inayi. Ena akamva zoti khalani achikwanu amangoponya ng'oma pa biti, kumanga chitenje kumutu, kuika mawu awiri a Chitumbuka mu kolasi, ndiye akuti chikhalidwe. Kumeneko ndi kukongoletsa chabe, n'chimodzimodzi mlambe uja. Tengani vimbuza. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inazindikira vimbuza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, chaka chimodzi ndi gule wamkulu, koma vimbuza ndi gule wa machiritso, amavina ndi munthu wodwala, ng'oma zake zimasintha kutengera mzimu womwe wamugwira, amayi ndi ana azungulira akuimba ndi kuomba m'manja. Ngati munakulira pafupi ndi zimenezo, munkamva ng'omazo usiku muli pamphasa mukuopa, muli ndi nkhani yoti munene. Ngati munangoziona pa YouTube dzulo, pitani kaye mukakhale pansi ndi akuluakulu akufotokozereni. Ndipo ngati inu munakulira mu Area 1B mukuonera makatuni ndi mpira wa ku England, agogo kumudzi mumangopitako pa maliro, musanamizire za kumudzi. Moyo wa mwana wa mtauni amene Chitumbuka chake achibale amachiseka ndi nkhaninso, ndipo ndi ochepa akuiimba.

(Wofotokoza watulutsa foni)

Nanga poyambira? Foni yanuyi. Kwa mwezi umodzi muzijambula kapena kulemba chilichonse chomwe chakuimitsani panjira, chakukwiyitsani, chakuseketsani muli nokha, osasankha zooneka bwino. Mwezi ukatha muzione zonse pamodzi. Mupeza kuti pali zinthu zomwe mumangobwererako osadziwa, wina ndi manja a anthu ogwira ntchito, wina ndi zolembalemba za kumbuyo kwa maminibasi, wina nkhani zake zonse zimathera pa bambo amene anapita ku Joni osabwerako. Inu simunasankhe, zinakusankhani kalekale, ntchito yanu ndi kuzizindikira basi.

Chachiwiri, pangani zambiri. Nyimbo imodzi yoikonza chaka chonse singakuuzeni kuti ndinu ndani, koma zikakhala khumi, ngakhale zisanu ndi ziwiri zikhale zoipa, mzere umayamba kuoneka. Ndipo muonetse anthu oti sakuopani. Amayi anu anena kuti zili bwino mwanawanga, chibwenzi chinenanso chimodzimodzi. Pezani mnzanu wa pakamwa polasa uja mumufunse funso limodzi lokha, ndi pati pamene pakumveka ngati munthu wina? Akaloza, ndi pamenepo pofunika kugwirapo ntchito.

Za ndalama ndisakunamizeni, sitayilo yanuyanu imachedwa kugulitsa kusiyana ndi yokopera, chifukwa DJ ndi kasitomala amafuna chomwe akuchidziwa kale. Ambiri amene ndimawadziwa amapanga ziwiri, za pa oda zodyetsa pakhomo, ma saini a mashopu, majingo a pa wailesi, nyimbo za pa ukwati, kwinaku madzulo akupanga zawo. Palibe chamanyazi pamenepo. Chokhacho, zanuzo zikayamba kumveka mukazilembetse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za luso lomwe lilipo kuyambira 1992, chifukwa chinthu chikakhala chachilendo okopera sachedwa. Mu vidiyo yotsatira tikamba zimenezo, kalembetsedwe kake ndi zomwe muyenera kutenga popita. Mvula yayamba kudontha apa ndipo kamerayi ndi yobwereka, tionana.